Mabelu Amene Sanalire ku Chamama

Mabalani atatu a fodya amene anawonongeka pa esiteti ya kufupi ndi Chamama, m'chaka changa chachinayi cha ntchito kumeneko, sanawonongeke chifukwa cha a Zgambo. Anawonongeka chifukwa cha nambala imodzi imene ndinalemba ine. Ndinalemba 37 pamene panayenera kukhala 5. A Zgambo anachotsedwa ntchito, ine ndinagwirabe zaka zina 21 mpaka ndinapuma ndi ulemu. Tiyamike ndi Limbani, ana anga, mwakula mukumva kuti bambo anu, a Mwale, salakwitsa nambala. Ndalemba mutu uno kuti zoona zake muzimve kwa ine musanazimve kwa ena.

Zaka zitatu za ku nyuzipepala

Ntchito yanga yoyamba inali ya ku nyuzipepala, mumzinda. Ndinali ndi satifiketi ya zamagetsi, koma malo amene anapezeka anali owerenga nkhani zisanasindikizidwe ndi kuchotsamo zolakwika. Patapita chaka anandipatsa tsamba la zaulimi. Mkonzi wathu, a Matewere, anali munthu wamfupi, wosaseka, wokonda pensulo yofiira. Lamulo lawo linali limodzi ndipo ankalinena tsiku lililonse ngati pemphero: "Dzina la munthu ndi nambala, funsa kawiri. Zinazo ukalakwitsa tipepesa, koma ziwirizi zimapha." Tsiku lina ndinalemba matumba 40 m'malo mwa 14. Anandiimika pakati pa ofesi, nandiuza kuti ndiwerenge chiganizocho mokweza katatu. "Wamva mmene bodza limamvekera likatuluka pakamwa? Papepala limagona mwaulemu, koma ukalitchula limanunkha." Ndinaseka nawo anzanga, koma mawuwo sindinawasunge pamene anafunika. M'chaka chachitatu mapepala osindikizira anayamba kusowa, nyuzipepala inachepetsa masamba, ndipo loyamba kuchotsedwa linali langa la zaulimi. Ndinali nditangokwatira mayi anu. Nditamva kuti esiteti ina ku Kasungu ikufuna kalaliki wodziwa zamagetsi, wotha kulemba malangizo m'Chichewa chomveka, ndinalemba kalata tsiku lomwelo.

Ogasiti, chaka choyamba ku Chamama

Tinafika pa lole ya feteleza, katundu wathu yense ali m'thumba limodzi ndi sutikesi. Anatipatsa nyumba ya zipinda ziwiri ya malata, pafupi ndi ofesi. Esitetiyo inkalima fodya wa fuluu, uja woumitsa ndi moto m'mabalani a njerwa. Ntchito yanga inali kuyang'anira jenereta, mipope ya madzi ndi mawaya, ndi kulemba pa taipilaita malangizo onse a antchito. Mabalani a mzere wa kumtunda analipo asanu ndi imodzi. Iliyonse inali ndi ng'anjo kunja, mapaipi oyenda pansi m'kati mwake otengera kutentha, mikangala yopachikapo fodya m'mwamba, ndi themomita yolendewera pa kazenera. Mathemomita onse anali akale, a sikelo ya Farenihaiti, imene anthu a pamenepo ankangoti ya F.

Kuumitsa fodya ndi ntchito ya pafupifupi sabata. Masiku awiri oyambirira tsamba limakhala lidakali ndi madzi, ndipo moto uyenera kukhala wofatsa, pa madigiri 100 a F kapena pafupi pomwepo, kuti lisanduke lachikasu. Kenako mumakweza pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 130 kuti tsamba liume, ndipo pomaliza mpaka cha m'ma 160 kuti uume mtsempha wapakati. Kutentha kukathamanga tsamba lidakali lonyowa, fodya sauma koma amaphikika. Amada bii, ndipo palibe wogula amamuyang'ana kawiri.

Zimenezi anandiphunzitsa ndi a Zgambo, kapitawo wa mabalani. Kwawo kunali kumpoto kwa boma la Kasungu, kumene anthu amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka. Anali wamtali, wa zaka za m'ma 40, wa manja okhakhala ngati khungwa. Sukulu analekera Sitandade 3, koma ankati akalowetsa kuseri kwa dzanja pa kazenera, n'kununkhiza mpweya, amatchula nambala. Ndinawayesa kasanu m'chaka choyambacho, ndipo sanaphonye ndi madigiri oposa awiri. Anali mkulu wa mpingo. Mowa sankaulawa, ngakhale thobwa logona ankalikana. Pa komponi ankakhala ndi mkazi wawo, NyaKumwenda, ndi ana asanu. Ine ankanditcha "adada a mapepala," ndipo ankati ndikadzamwalira adzandiika m'manda ndi taipilaita kuti ndikapitirize kuvutitsa anthu kumeneko.

Disembala, chaka chachitatu

Manijala wakale atapita, eni esiteti, amene ankakhala mumzinda ndipo tinkawaona kawiri pa chaka, anatumiza a Chikuse. Anali munthu wophunzira, wolankhula mofulumira, wovala nsapato zoyera ngakhale m'matope. Anapeza zinthu zitathina. Dizilo ankabwera mwezi uno, mwezi wamawa ayi. Mitengo ya pa esiteti inali itatha, nkhuni tinkagula kutali, zambiri zaziwisi. Eni ake anali atawauza kuti achepetse antchito.

Yankho la a Chikuse linafika m'makatoni. Anali mabokosi asanu ndi limodzi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, lililonse ndi waya wolowa m'balani, batire ndi belu. Bokosi linali ndi zopotokola ziwiri. Choyamba mumaikapo kutentha kumene mukufuna. Chachiwiri mumaikapo malire, kutanthauza madigiri amene kutentha kungakwere kapena kutsika belu lisanalire. Zonse zinali za F. Kale munthu mmodzi ankasonkha moto mabalani awiri. A Chikuse anati tsopano munthu mmodzi akwanira pa mabalani onse asanu ndi imodzi, chifukwa belu lizimuitana pamene pavuta. Anthu anayi anauzidwa kuti asadzabwerenso.

Vuto linali lakuti ndondomeko yatsopano ya kaumitsidwe, imene mlangizi wa kampani yogula fodya anatisiyira, inali ya Selisiyasi, sikelo ya C. Pa masiku awiri oyambirira inati 38°C ±3°C. Kamtanda ka mzere pansiko kamatanthauza kuti kutentha kungapitirire kapena kuchepera ndi madigiri atatu, osaposa. A Chikuse anaponya pepalalo pa desiki langa. "A Mwale, inu ndinu a masamu. Sandutsani izi zikhale za F, mutaipe, mawa zikhale pa zitseko."

Njira yake ndinkaidziwa kuyambira ku sukulu: chulukitsa ndi 9, gawa ndi 5, wonjezera 32. Ndinatenga 38, ndinapeza 100.4, ndinalemba 100. Ndinatenga 3, ndinachita chimodzimodzi, ndinapeza 37.4, ndinalemba 37. Ndinabwereza kawiri monga anandiphunzitsira a Matewere, ndipo kawiri konse yankho linali lomwelo, chifukwa ndinkabwereza njira yolakwika yomweyo. Ndinataipa makope asanu ndi limodzi: 100°F ±37°F. A Chikuse anasaina onse osawerenga, ali pa lamya. Ndinawakulunga m'mapulasitiki, ndinawakhomera pa zitseko, ndipo ndi zala zangazi ndinapotokola bokosi lililonse, china pa 100, china pa 37.

A Zgambo anaima kumbuyo kwanga ndikukhoma lomaliza. Analoza ndi chala. "Adada a mapepala, handiredi iyi ndikuidziwa, ndi mnzanga wakale. Nanga kamtanda aka kovala nsapato n'kachiyani?"

"N'za belu zimenezo, a Zgambo. Musavutike nazo."

"Yewo," anatero, n'kubwerera ku ng'anjo.

Ndikanangowayankha ndi mawu, ndikanati, "Akuti kutentha kungakwere ndi madigiri 37 belu lisanalire," akanaseka mpaka kugwira pamimba, ndipo nkhani ino sikanalembedwa. Ndinaona ngati kufotokozera munthu wa Sitandade 3 chizindikiro cha masamu n'kutaya nthawi.

Januwale, chaka chachinayi

Kuthyola kunayamba, mabalani anadzaza, mabelu anangokhala chete. A Chikuse ankakondwa. Ankati belu losalira ndi umboni wakuti zonse zili bwino. A Zgambo anatenga okha shifiti ya masana ndipo ankangothamanga kuchoka ng'anjo iyi kupita iyo, thukuta lili kamukamu. Pakati pa mwezi anandipeza ku jenereta.

"A Mwale, dzulo balani ya nambala 4 inafika 112, fodya adakali wamuwisi. Ndinaizimitsa ndekha. Belu lanu silinatsokomole n'komwe."

Ndinapita nawo. Ndinayeza batire, ndinatsata waya, ndinadina batani loyesera. Belu linalira mpaka nkhuku zinathawa. "Mwamva? Lili bwinobwino. Mwina munawerenga molakwika themomita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Zaka 22 ndikuwerenga themomita imeneyi. Belu lanuli limalira mukalikanda inu. Fodya akamalira silimva."

Anapitanso kwa a Chikuse kukapempha kuti abwezere anthu awiri okha. Ndinali m'chipinda chomwecho. A Chikuse anati, "Akuluakulu, nthawi yonunkhiza mpweya inatha. Ngati ntchito yakukulirani nenani." Ine ndinkataipa, ndipo sindinadzutse mutu.

Febuluwale, chaka chomwecho

Linali Lachiwiri. Mabalani a nambala 1, 2 ndi 3 anali atadzazidwa dzulo lake ndi fodya wabwino koposa wa chaka chimenecho, masamba apakati. M'mawa thirakitala inabweretsa nkhuni za bulugamu zouma gwa, titatha milungu itatu tikuvutika ndi zaziwisi. A Zgambo anasonkha ng'anjo zitatuzo cha m'ma 9 koloko. Isanakwane 10 koloko paipi ya m'balani ya nambala 6, kumapeto kwa mzere, inang'aluka. M'menemo munali fodya wouma kale, wongodikira kutsitsa, ndipo nthethe imodzi ikanayatsa balani yonse ndi zoyandikana nazo. A Zgambo anathamangira kumeneko. Anafumula moto, analowa mu utsi, anamata paipiyo ndi chidutswa cha lata ndi dothi. Zinawatengera maola awiri ndi theka. Balani ya 6 inapulumuka. Anandiuza pambuyo pake kuti nthawi yonseyo khutu limodzi linali kumtunda, kudikira belu.

Nthawi yomweyo kunali kutayamba mphepo, ndipo inkakoka moto m'ng'anjo zitatu zija. Pamene ankabwerera, mathemomita ankati 128, 131 ndi 133. Mabelu anali kudikira 137. Ine ndinamva fungo ndili mu ofesi, fungo ngati la masamba owiritsa amene aiwalika pamoto. Titatsegula zitseko nthunzi inatuluka ngati mtambo. Masamba anali lende, akuda, akudontha madzi. Azimayi amene anasoka fodyayo anaima chapatali, manja kumutu.

Lachitatu m'mawa ndinakhala pansi ndi pensulo. Ndinachita chimene ndikanachita mu Disembala: ndinasiya kamtanda kaja, n'kusandutsa malire awiriwo paokhapaokha. Malire apamwamba, 38 kuwonjezera 3, ndi 41°C, ndipo ndinapeza 105.8°F. Malire apansi, 35°C, ndinapeza 95°F. Choncho belu linayenera kulira cha pa 105, osati 137. Madigiri atatu a C ndi madigiri 5.4 a F basi. 

Ndikufotokozereni bwino, chifukwa Limbani umagwira ntchito ya makina ndipo tsiku lina pepala lotere lidzafika pa desiki lako. Sikelo ziwirizi zimasiyana pawiri. Choyamba, mapazi ake: digiri imodzi ya C ndi yaikulu, ikufanana ndi 1.8 ya F. Chachiwiri, poyambira: madzi amaundana pa 0 ya C, koma pa 32 ya F. Nambala 32 ija timawonjezera chifukwa cha poyambirapo. Imagwira ntchito ukamafunsa kuti, "Kwatentha bwanji?" Koma ukamafunsa kuti, "Kwakwera ndi zingati?" poyambira palibe ntchito. Anthu awiri akamayeza msewu, wina kuyambira pa boma, wina kuyambira pa Mtunthama, adzasiyana ponena pamene pali mlatho. Koma kutalika kwa mlathowo sikusintha chifukwa cha kumene munthu wachokera. Ine ndinatenga mtunda wa pakati pa boma ndi Mtunthama n'kuuwonjezera pa kutalika kwa mlatho.

Ndinatenga pepala langa la masamu n'kupita kwa a Chikuse. Anawerenga, ndipo kanali koyamba kuwaona akuwerenga chinthu mpaka pansi. Anadzuka n'kutseka chitseko.

"Wina waona izi?"

"Ayi, bwana."

"Mapepala a pa zitseko aja anasaina ndani?"

"Inu, bwana. Koma wolakwa ndine."

"A Mwale, musakhale mwana. Mawa kukubwera nthumwi ya eni ake. Akufuna dzina limodzi. Mukawapatsa lanu, atenga ndi langa lomwe, chifukwa mabokosi ndinabweretsa ndine, anthu ndinachotsa ndine. Ndiye tipite tonse awiri, ndipo Zgambo yemweyo sakhalanso, poti mabalani anawasiya maola awiri. Mwapulumutsa ndani pamenepo?" Anakhala pansi n'kutsitsa mawu. "Akazi anu ali ndi pakati pa miyezi ingati? Isanu ndi iwiri? Zgambo ali ndi kwawo, ali ndi munda. Inu mukalowera kuti? Ku nyuzipepala ija inakutayani?"

Sanandiopseze kuposa pamenepo, ndipo sindikufuna kuti muziti anandikakamiza. Anangoti, "Konzani mapepala ndi mabokosi lero. Kukonza cholakwika si tchimo." Ndinatuluka ndikudziwa bwino lomwe chimene kukonzako kudzachite. Tiyamike unali ndi zaka ziwiri, unkasewera pakhonde ndi chitini. Mayi ako ankachapa, atakhala pa mpando chifukwa sankathanso kuwerama. Ndinaima pamenepo mwina mphindi zisanu. Kenako ndinabwerera ku taipilaita.

Masana omwewo ndinazula mapepala onse asanu ndi limodzi n'kukhoma atsopano, olembedwa kuti "95 mpaka 105." Ndinapotokola mabokosi kuchoka pa 37 kufika pa 5. Ndikumaliza lachisanu, ndinaona a Zgambo atakhala pa mulu wa nkhuni, dzanja lawo lamanja litakulungidwa nsanza pamene lata linawawotcha.

"Kamtanda kaja mwakachotsa, adada?"

"Tikungokonza zina ndi zina."

"Yewo," anatero.

Lachinayi nthumwi inafika, munthu waulemu wa magalasi. Inaitanitsa ndowa ya madzi ofunda, inaviikamo waya wa bokosi la nambala 1 pamodzi ndi themomita, n'kumathira madzi otentha pang'onopang'ono. Pa 105 belu linalira. Inayesa lachiwiri ndi lachitatu, onse analira. Anthu a pa komponi anali ataunjikana, ndipo ndinamva mayi wina akuti, "Ii, ndiye amalira."

A Zgambo anati, "Bwana, Lachiwiri sanalire. Pepala linali lina. Afunseni a Mwale."

Nthumwi inatembenukira kwa ine. "Bambo Mwale, inu ndinu a zamagetsi. Mabokosi awa ali ndi vuto lililonse?"

"Alibe vuto, bwana."

Chinali chiganizo choona. Ku nyuzipepala ndinaphunzira kuti munthu angathe kunama ndi mawu oona okhaokha, akangosankha poimira. Za pepala sanandifunsenso, chifukwa a Chikuse analowererapo n'kunena kuti munthu amene sanamve mabelu atatu masana dzuwa likuswa mtengo, ndiye kuti mwina anali atalawako. Nthumwi inalemba. A Zgambo sanayang'ane a Chikuse. Ankayang'ana ine.

Kalata yowachotsa ndinataipa ndine. Inati anasiya malo a ntchito, ndiponso akuganiziridwa kuti anali ataledzera. Anawapatsa masiku atatu kuti atuluke m'nyumba. Ananyamuka Lamulungu m'mawa pa ngolo yobwereka, mvula ikuwaza, ana atafunda thumba la feteleza, NyaKumwenda atanyamula nkhuku ziwiri m'manja. Njira yotulukira inkadutsa pakhomo pathu. Mayi anu anatuluka kukawapatsa ufa m'kambale. Ine ndinakhala m'nyumba.

Mapepala akale aja ndinawotcha asanu m'ng'anjo. Limodzi ndinalipinda n'kuliika pansi pa masatifiketi anga m'sutikesi. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina munthu wa ku nyuzipepala satha kuwononga umboni wonse.

Zaka zotsatira

A Chikuse anakhala zaka zina ziwiri, anapeza ntchito yabwino kwina, ndipo ndinamva kuti anamwalira. Anthu awiri osonkha moto anabwezeretsedwa mwakachetechete chaka chomwecho. Ine ndinakwezedwa kawiri. Ndinatchuka ndi lamulo langa lakuti pa chitseko cha balani pasalembedwe kamtanda, palembedwe malire onse awiri, akumunsi ndi akumtunda, ndi chilembo cha sikelo yake, ndiponso kuti wolemba awerenge pepalalo mokweza pamaso pa wosonkha moto asanalikhome. Alangizi ankabwera kudzaonera. Wina anandifunsa kumene ndinaphunzira zimenezi, ndinati ku nyuzipepala.

Za a Zgambo ndinkamva kwa oyendetsa mathirakitala. Anayenda maesiteti anayi ndi kalata ija, ndipo palibe amene anawalemba ntchito. Nkhani ya mowa inafika ku mpingo wa kwawo, bwalo la akulu a mpingo linakhala, ndipo anawatsitsa pa ukulu. Mwana wawo woyamba, Tamara, amene anali Fomu 2, anasiya sukulu n'kukwatiwa. Mayi anu ndinawauza patatha zaka khumi. Sanakalipe. Anangoti, "Ufa uja ndinawapatsa, ndinkayesa ndikuchitira chifundo anthu olakwa. Pitani mukawaone." Ndinati ndipita kukolola kukatha. Ananenanso chaka chotsatira, ndi chinzake. Ananena komaliza ali m'chipatala, zaka ziwiri zapitazo.

Mwezi watha

Ndinali pa Mtunthama kugula mankhwala a BP pamene mayi wina wogulitsa tomato anandiitana ndi dzina. Anali Tamara, tsitsi litayamba imvi. Anandipatsa moni mwaulemu, atagwada pang'ono, ndipo zinandiwawa kuposa akanandilavulira. Anati mayi ake anamwalira, bambo ake alipo koma maso anachita khungu. "Mpaka lero ana a m'mudzi amawatcha Aphikafodya," anatero, akundiikira tomato wa basera.

Lachisanu lotsatira ndinatenga pepala lija, ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto ya kabaza. Ndinawapeza cha m'ma 11 koloko atakhala pansi pa chigafa cha mwana wawo wamwamuna, akusankha fodya wa bale, uja woumitsa ndi mphepo, ndi zala zokha. Ndisananene dzina langa, nditangoti "Odi," anaimitsa manja.

"Adada a mapepala. Mwachedwa."

Ndinakhala pa njerwa. Ndinawauza zonse, kuyambira pa desiki la mu Disembala mpaka pa kalata. Ndinawaika pepala lija m'manja, analisisita ngati tsamba la fodya.

"Kamtanda kaja kali pati?" Ndinawagwiritsa chala pamenepo. "Tsopano ndiuzeni ndi pakamwa zimene ndinakufunsani tsiku lija."

"Kamati kutentha kungakwere ndi madigiri 37 belu lisanalire."

Anaseka, kuseka kouma kumene kunathera m'chifuwa. "Sate seveni! Pa fodya wamuwisi! Ngakhale NyaKumwenda akanakuuzani kuti mwapenga." Anapukuta m'maso. "Ndiye sukulu yonse ija."

Ndinati ndabwera kudzapepesa, ndipo ngati pali chimene ndingachite pa nyumba pano, anene. Anandidula.

"Nkhumanya, a Mwale, ndikudziwa. Ndinadziwa tsiku lomwe munkazula mapepala. Ine simunandinamize, ndinalipo. Munanamiza ana anga. Uyu mwini chigafa anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wakula akuyesa bambo wake anaphika fodya ataledzera. Sananenepo, koma ndimamva mmene amandiyankhira. Munanamiza mpingo. M'buku la bwalo muli dzina langa ndi mawu akuti kuledzera, ndipo ndikafa adzawerenga mbiri yanga kuchokera m'buku limenelo. Kupepesa kwa pansi pa chigafa, kopanda mboni, n'kwa inu kuti mukagone bwino. Ine sikundithandiza." Anandibwezera pepalalo. "Mawu anu aja akuti alibe vuto munawanena pa gulu. Awanso mukawanene pa gulu."

Ndinavomera. Sanandigwire chanza potsazikana, koma anauza mdzukulu wawo wamkazi kuti andipatse madzi.

Ndinalembera mlembi wa bwalo la akulu a mpingo wawo, ndipo yankho lafika Lolemba. Bwalo likhala Loweruka la sabata yamawa, 9 koloko m'mawa. Andipatsa mphindi khumi pambuyo pa pemphero lotsegulira, ndipo ana onse asanu a a Zgambo aitanidwa. Mlembi wanenetsa kuti sakulonjeza kanthu: ambiri amene anaweruza nkhaniyo anamwalira, ndipo kufufuta mawu m'buku lakale kumafuna kuti akulu onse agwirizane. Wandichenjezanso kuti mwana wamwamuna uja wanena kuti sakudziwa chimene adzachite akadzandiona.

Limbani, udzanditenge pa galimoto yako 6 koloko, msewu wa kumeneko ndi woipa. Tiyamike, ngati ungapeze tchuthi, ubwere. Pepala lili m'sutikesi ya buluu, pansi pa masatifiketi. Ndidzaliwerenga mokweza, nambala iliyonse ndi mawu ake, a Zgambo ali pomwepo.